Kodi mafungo okopera agwape amagwiradi ntchito posaka?

Masauko_WI analemba:

Moni nonse abale. Funso langa likupita kwa inu amene mwakhala mukusaka agwape a mchira woyera kuno ku America kwa nthawi yaitali.

Ndimakhala ku Wisconsin, ndipo ndimasaka ndi uta pa malo a mnzanga wa kuntchito, kummwera chakumadzulo kwa chigawochi. Ndi nkhalango yaing'ono ya mitengo ya oak yomwe ili pachitunda, kumunsi kwake kuli munda wa chimanga ndi kamtsinje. Nsanja yanga ndinamangirira mumtengo wina pakati pa chitundacho, pomwe tinjira tiwiri ta agwape timakumana. Aakazi ndi ana awo ndimawaona pafupipafupi madzulo akamatsikira kumunda. Amphongo akuluakulu aliponso, kamera yanga imawajambula, koma zithunzi zawo pafupifupi zonse ndi za usiku.

Ukalowa m'sitolo ya zida zosakira mwezi uno wa Okutobala, umapeza mashelefu adzaza timabotolo: mkodzo wa gwape wamkazi wofuna mphongo, mkodzo wa wamphongo, fungo la dothi, la paini, la maapozi, mpaka mkodzo wa nkhandwe. Kabotolo kamodzi si kodula kwenikweni, koma ukawonjezera tinsalu tonyowetsa, kachipangizo kodonthetsera ndi mankhwala opopera zovala, madola amapita ambiri ndithu.

Chandizunguza mutu n'chakuti anthu awiri amene ndimasaka nawo sagwirizana. Mwini malowo amati zonsezo n'zachabechabe, iye sanagulepo. Mlamu wake salowa m'tchire opanda kabotolo m'thumba, ndipo amalumbira kuti wamphongo wamkulu amene mutu wake uli pakhoma pake anabwera mphuno ili pansi, akulondola kansalu kamene iye anakoka. Onse awiri amapha agwape chaka chilichonse.

Ndiye kodi fungoli lingatulutse wamphongo wamkulu dzuwa likuwala? Liikidwe liti, ndipo pati? Nanga matenda a agwape otchedwa CWD (chronic wasting disease), amene m'dera lino alipo, akukhudzana bwanji ndi mkodzo wa m'botolowu? Ndikufuna ndidziwe Novembala asanakwane.

aMbewe_PA analemba:

A Masauko, mwafunsa pa nthawi yake. Ine ndimasaka kumapiri a kumpoto kwa Pennsylvania, ndipo timabotoloto ndagula tosiyanasiyana m'zaka zimenezi. Ndinena zimene maso anga aona.

Fungo silibweretsa gwape amene kulibe, ndipo silidzutsa wamphongo wamkulu pamene wagona masana. Ntchito imene ine ndaliona likugwira ndi imodzi basi, yoimitsa gwape amene akudutsa kale kuti aime kanthawi pamalo amene inu mwasankha. Kwa munthu wa uta, kanthawi kameneko n'kofunika kwambiri, choncho sindikunyoza. Koma ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi zimene chithunzi cha pabotolo chimalonjeza.

Kuti mumve chifukwa chake, taonani mmene agwapewa amalankhulirana. Ali ndi tiziwalo totulutsa fungo pamalo angapo: pakati pa ziboda, pamphumi, pakona ya diso, ndi mkati mwa miyendo yakumbuyo, pamfundo paja pali kachigamba ka ubweya. Kachigamba kameneka ndiko kenikeni. Gwape amaphatikiza miyendo yakumbuyo, n'kukodzera paubweyawo akuikhulitsa, ndipo mabakiteriya amene amakhala pamenepo ndi amene amasandutsa mkodzowo kukhala fungo lake la iye yekha. Mukadzapha wamphongo mu Novembala mudzaona kuti ubweyawo wada bii, ndipo fungo lake limakupezani musanamugwire n'komwe. Kenako pali malo aja amapalasa pansi ndi ziboda, amene alenje amawatcha scrape. Pafupifupi nthawi zonse amakhala pansi pa nthambi yolendewera, ndipo gwape aliyense wofika pamenepo amanyambita nthambiyo, kuitafuna, n'kupakapo mphumi ndi nkhope. Uthenga wa gwape ndi zonsezi pamodzi: malovu, mphumi, ziboda, mkodzo wodutsa paubweya. M'botolo muli kachigawo kamodzi kokha, kochokera ku nyama za m'khola zimene agwape a pachitunda chanu sanakumane nazopo, ndipo kayenda m'galimoto n'kukhala pashelefu. Mkodzo ukatentha kapena ukapitidwa mpweya umayamba kusanduka amoniya. Mukatsegula botolo n'kumva kuti likulasa m'mphuno, litayeni.

Ofufuza awiri a pa Stephen F. Austin State University ku Texas, Ben Koerth ndi James Kroll, anayesapo nkhaniyi. Anapanga ma scrape abodza, m'mena anathiramo mkodzo wa wamphongo, m'mena wa wamkazi wofuna mphongo, m'mena mkodzo wa munthu, m'menanso fungo lija amapopera m'galimoto kuti izimveka yatsopano. Amphongo anafika pa onsewo, ndipo mkodzo wa munthu sunawathamangitse. Mmene ine ndimamvera zimenezi, chimene chimakoka gwape nthawi zambiri ndi chidwi: dothi lopalasidwa kumene pansi pa nthambi yabwino, ndi fungo lachilendo. Mutha kuyesa nokha mlungu uno osagula kanthu. Pezani nthambi yofika pachifuwa panu m'mbali mwa kanjira, palasani pansi pake ndi kamtengo mutavala magolovesi, n'kulozetsa kamera pamenepo. Mudzajambula agwape ambiri. Koma musadabwe akamabwera usiku, chifukwa ma scrape ambiri amayenderedwa kukada.

Tsopano za nthawi. Chimene chimayambitsa nyengo yokwerana ndi kufupika kwa masana, osati kuzizira, n'chifukwa chake m'zigawo zakumpoto kuno imafika pachimake chapakati pa Novembala chaka ndi chaka. Wamkazi amalola mphongo kwa maola 24 kapena kupitirira pang'ono. Akapanda kutenga bere, amabwereranso pakatha masiku pafupifupi 28. Bere limatenga masiku pafupifupi 200, ana n'kubadwa chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, msipu utaphuka. Ndiye pali kanyengo kochepa, kuyambira mlungu womaliza wa Okutobala mpaka mlungu woyamba wa Novembala, pamene amphongo akonzeka koma aakazi ambiri sanakonzeke. Amphongo amayendayenda, ngakhale masana, akufunafuna woyamba. Ngati fungo la wamkazi wofuna mphongo lili ndi mwayi, ndi pamenepo. Mukaliika koyambirira kwa Okutobala, ine ndaonapo aakazi akupondaponda pansi, kufwenthera, n'kutembenuka, chifukwa akudziwa kuti kumene kuli fungo limenelo kubwera amphongo owasautsa. Pachimake penipeni, wamphongo wamkulu amakhala ali kale ndi wamkazi weniweni m'ziyangoyango, ndipo kansalu kanu sikangamuchotse kumeneko.

Koma chachikulu ndi mphepo, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa mwati nsanja yanu ili pachitunda. Gwape amayandikira fungo lililonse kuchokera kumene mphepo ikulowera. Mukakoleka kansalu pamtengo womwe mwakhalamo, kapena pakati pa inu ndi kumene mphepo ikuchokera, fungo lanu ndi la kansalu zimayendera limodzi, ndipo mwamuitana kuti abwere adzakununkhizeni. Alenje ambiri amene amati fungo linawathamangitsira nyama, chinachitika n'chimenecho. Kansalu kakhale chambali, mayadi 20 kapena kuchepera, kutsidya kwa kanjira, kuti gwape akaima azikupatsani nthiti nkhope italoza kwina. Mukatsika madzulo katengeni, katsekereni m'kabotolo. Mukakasiya usiku wonse, adzabwera mdima uli bii, adzapeza kuti palibe wamkazi, ndipo mawa lake sadzalabadiranso.

Za mafungo obisira munthu, la dothi, la paini kapena la nkhandwe, ine ndinasiya kalekale. Mukathira mafuta onunkhira m'nyumba imene ndiwo zapserera, wolowa amamva zonse ziwiri. Mphuno ya gwape imasiyanitsa mafungo kuposa pamenepo. Sambani, sungani zovala zosakira pazokha, valani nsapato za mphira, zonsezo zimachepetsa. Koma sizichotsa kufunika kokhala kumene mphepo ikuchotsa fungo lanu panjira ya nyama.

Nachisale_VA analemba:

Bambo Mbewe afotokoza bwino za m'tchire. Ine ndiyankhe funso lanu lachitatu, achimwene, chifukwa ndimagwira ntchito mu labotale yoyeza matenda a nyama ndipo nkhani imeneyi imandikhudza mtima.

CWD sayamba ndi kachilombo wamba. Amayamba ndi puloteni yopindika molakwika, yotchedwa prion, imene imachititsa mapuloteni ena a mu ubongo kupindikanso chimodzimodzi. Alibe katemera, alibe mankhwala, ndipo nyama iliyonse imene yawatenga imafa. Anaoneka koyamba mu 1967 pa agwape osungidwa kumalo ofufuzira ku Colorado. Kwanuko ku Wisconsin analengezedwa mu 2002, chakummwera chakumadzulo komwe inu mukusakako. Kuno ku Virginia anapezeka mu 2009 m'boma la Frederick, ku Pennsylvania mu 2012 pafamu ya agwape m'boma la Adams. Mu 2016 anapezeka ku Norway pa mphalapala zam'tchire zotchedwa reindeer, ndipo boma la kumeneko linalamula kuti gulu lonse la ku Nordfjella, nyama zoposa 2,000, liphedwe.

Chovuta n'chakuti gwape amatha kukhala ndi matendawa chaka chathunthu kapena kupitirira akuoneka wathanzi, uku akutulutsa ma prion m'malovu, mu ndowe ndi mumkodzo. Mkodzo wa m'botolo umachokera kumafamu, ndipo nthawi zambiri amautolera pansi pa khola pamene nyama zambiri zaima, choncho ndowe ndi malovu zimatha kugweramo. Ndinene mwachilungamo kuti mumkodzo mokha ma prion amakhala ochepa kuyerekeza ndi m'malovu kapena mu ubongo. Koma akagwera m'dothi amamatirira n'kukhala zaka zambiri asanathe mphamvu, ndipo mlenje amathira mkodzowo ndendende pamalo amene akufuna kuti agwape aikepo mphuno ndi lilime. Kachiopsezo kakang'ono, kobwerezedwa ndi alenje masauzande chaka chilichonse, pa matenda amene sangachotsedwe m'dothi, ine sindingakalandire chifukwa cha masekondi ochepa oimitsa nyama.

N'chifukwa chake Virginia inaletsa mkodzo weniweni wa gwape posaka kuyambira mu 2015, ndipo Vermont inachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Ku Pennsylvania kunali koletsedwa m'madera amene Game Commission, bungwe loona za nyama zam'tchire kumeneko, inawaika kukhala olimbana ndi matendawa. Makampani ena tsopano amayeza ngati mkodzo wawo uli ndi ma prion ndi njira yotchedwa RT-QuIC ndipo amalemba pabotolo, n'zabwinoko kusiyana ndi wosayezedwa. Komabe mafungo opangidwa mu fakitale, opanda mkodzo wa nyama, alipo pashelefu yomweyo. Ngati mwatsimikiza kuyesa, gulani amenewo.

Malamulo amasintha, ndiye werengani kabuku ka chaka chino ka DNR, nthambi ya boma la Wisconsin yoona zachilengedwe, musanaike chilichonse. Samalani makamaka ndi za maapozi ndi chimanga. M'maboma a ku Wisconsin amene CWD yapezeka, kutchera agwape ndi chakudya n'koletsedwa, ndipo chinthu chimene nyama ingathe kunyambita kapena kudya chikhoza kukuikani pamlandu. Mukapha, kaperekeni mutu akayeze, DNR imayeza kwaulere. Palibe munthu amene watsimikizidwa kuti anatenga CWD, koma a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, amalangiza kuti nyama yopezeka ndi matendawa isadyedwe, ndipo ine ndimatsatira zimenezo m'nyumba mwanga.

Chifundo_MI analemba:

Za matenda sinditsutsana nanu achemwali, inenso ndinasinthira ku mafungo a mu fakitale. Koma a Mbewe, mwaichepetsa kwambiri nkhani ya kansalu kokoka. Kuno ku Michigan ndaonapo ndi maso anga wamphongo akudutsa mzere wanga, kuima, kukweza mlomo wam'mwamba mmene amachitira akalawa mkodzo wa wamkazi, kenako n'kutsata mpaka pansi pa nsanja. Panalibe chakudya, panalibe wamkazi, analondola mzerewo basi.

Chinsinsi n'kukoka bwino. Ndimamangirira kansalu ku ndodo yaitali kuti kaziyenda chambali, osati m'mapazi mwanga. Ndimayambira patali, ndipo ndikamayandikira ndimawonjezera madontho kuti fungo lizikula cha kunsanja, apo ayi nyama ilondola chobwerera mpaka kugalimoto. Ndikafika sindilunjika pamtengo wanga, ndimadutsa chapatali pang'ono kutsogolo kwake n'kukoleka kansaluko panthambi.

A Masauko, chimodzi chokha ndikupempheni: fungo la wamkazi musadzipake pa zovala kapena pa nsapato. Wamphongo wa mu Novembala si nyama yoseweretsa.

aMbewe_PA analemba:

A Chifundo, ndikukhulupirirani, chifukwa inenso ndaonapo. Koma tandiuzani, anali wa zaka zingati? Amene ine ndawaona akulondola mzere mpaka mapeto pafupifupi onse anali a chaka chimodzi ndi theka, a nyanga za nsonga ziwiri kapena zinayi, amene ndi nyengo yawo yoyamba. Wa zaka zinayi kapena zisanu akamva fungolo sabwera molunjika. Amazungulira kutali, kukadutsa kumene mphepo ikulowera, n'kununkhiza malo onsewo ali m'zitsamba. Akakumvani, amachoka mwakachetechete, ndipo inu mumatsika madzulo mukuganiza kuti sikunabwere kanthu.

Palinso china chimene chimatisokoneza tonsefe. Masiku amene timaika fungo ndi omwewo amene amphongo amayenda kwambiri masana. Wina akabwera, ulemu umapita kubotolo. Masiku amene botolo linali pomwepo koma osabwera kanthu, palibe amene amawafotokoza.

Chifundo_MI analemba:

Ambiri anali aang'ono, zimenezo n'zoona. Koma ine ndimasakira nyama yodyera, osati nyanga zapakhoma, ndiye wamng'onoyo amandikwanira.

Masauko_WI analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. Achemwali a Nachisale, mkodzo weniweni sindigula, ndipo mutu ndikapereka akayeze. Scrape yabodza ija ndipanga Loweruka pansi pa nthambi ina imene ndaiona kale pafupi ndi mphambano ya tinjira.

A Mbewe, pa za mphepo pali chimene sindikumvetsa. Foni ikandiuza kuti mphepo ikuchokera kumadzulo, ndimakwera nsanja ndili ndi chikhulupiriro, chifukwa kanjira kali kumadzulo kwanga. Koma dzuwa likangotsala pang'ono kulowa, aakazi amene ali kumunsi pafupi ndi kamtsinje amadzutsa mitu, kuyang'ana kuchitunda, wina n'kufwenthera. Amakhala kutali ndithu, ndipo ine ndimakhala chete osagwedezeka. Chimachitika n'chiyani?

aMbewe_PA analemba:

Chimenecho ndicho chikukubisirani amphongo anu, a Masauko, ndipo botolo lililonse silingachikonze.

Foni imanena za mphepo yam'mwamba. Pachitunda pali kayendedwe kena ka mpweya. M'mawa dzuwa likawotha nthaka, mpweya wofunda umakwera chitunda n'kutenga fungo lanu kupita nalo m'mwamba. Madzulo mthunzi ukangogwa, mpweya umazizira, umalemera, n'kuyamba kutsika motsata zigwa mpaka kukaunjikana kukamtsinje. Mphepo yayikulu ikangoti zii dzuwa likamalowa, kampweya kotsikako ndiko kamalamulira. Inu muli pakati pa chitunda, ndiye fungo lanu lonse limatsetserekera kwa aakazi amene atsika kale. Wamkazi wamkulu akafwenthera, wamphongo amene anali kudikira kumtunda kuti kude amangokhala pomwepo mpaka usiku.

Kuti muone nokha, tolani zikhokhombe zouma za milkweed, chomera chokhala ndi tithonje touluka, m'mbali mwa munda, mwezi uno zikuphulika. Muli munsanja, tayani kathonje kamodzi n'kukatsata ndi maso. Ufa uja amagulitsa woyesera mphepo umazimirira pafupi, pamene kathonjeka mumakaona kakuyenda kutali, kukhota pamitengo, kutsika m'chigwa. Chitani zimenezo masana, kenako dzuwa likamalowa, mudzaona kusiyana kwake.

Nsanja yomwe muli nayoyo ikhale ya m'mawa. Mulowe kusanache, osadutsa kumunda kumene nyama zikudya, mudzere kuseri kwa chitunda. Mlungu woyamba wa Novembala khalani mpaka masana, chifukwa amphongo amayenda m'mbali mwa zitunda nthawi imeneyo akununkhiza malo ogona aakazi, ndipo alenje ambiri amakhala atatsika kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ya madzulo mumange ina kumunsi, m'mphepete mwa kamtsinje, kunsi kwa malo amene tinjira timatulukira kumunda, kuti mpweya wotsikawo uzitenga fungo lanu n'kupita nalo motsata madzi kumene kulibe nyama. Muimange masana dzuwa lili paliwombo, mphepo ikuwomba, ndipo lamba wachitetezo mumange musanachotse phazi pansi.

Ngati mukufunabe kuyesa kansalu ka fungo la mu fakitale, kayeseni pansanja ya m'mawayo, kumtunda kwanu pang'ono ndi chambali, kutsidya kwa kanjira. Muli ndi milungu itatu kapena inayi yabwino nyengo ya mfuti ya masiku 9 isanatsegulidwe Loweruka lija lotsogolera chikondwerero cha Thanksgiving cha kumapeto kwa Novembala. Ikangotsegulidwa, nkhalango imadzaza anthu ovala za olenji ndipo amphongo akuluakulu amabwereranso ku zoyenda usiku.